Phazi Lamanja la Zondwayo Thole

Manyamula, Mzimba
6 Meyi 2023

Mwana wanga Sellah, NyaThole,

Monire kumeneko ku Moshi. Kuno tadzuka bwino tonse, ine, mchimwene wako Maclean, mkazi wake Modester ndi ana. Ng'ombe nazo zili bwino, kupatula Bantomu amene wayambanso kuthyola khola. Sukulu ikuyenda bwanji? Kodi Chiswahili chayamba kutuluka, kapena ukungoloza ndi chala pamsika?

Usadabwe kuti ndalemba kalata chonsecho Maclean ali ndi foni. Chinthu chija ndikachiika kukhutu ndimangomva mphepo, ndipo munthu umalankhula uku anthu asanu akukuyang'ana pakamwa. Malemu amayi ako ndinawapeza ndi makalata. Ankandibwezera kalata zanga atakonza Chichewa changa chokhotachi ndi cholembera chofiira, ngati ndine mwana wa m'kalasi mwawo. Ndiye iwenso upirire.

Ndalemba kuti ndithokoze za phazi. Msomali wa ngolo uja unathyokera m'kati unandizunza sabata yathunthu, iwe n'kudzauchotsa pakhonde ngati ukusenda mbatata. Unandibaya kajakisoni, tinadikira pang'ono, kenaka unafunsa kuti, “Adada, mukumva?” Ine ndikuona mpeni ukulowa, magazi akutuluka, koma osamva kanthu, ngati phazilo ndi la munthu wina. Zaka 68 ndili padziko sindinaonepo zotere. Anzanga kutchalitchi akuti ndikunama. Kodi mankhwala amenewo dzina lake n'chiyani? Undilembere kuti ndiwatseke pakamwa.

Tsopano nkhani yaikulu. Tagwirizana kuti chiliza cha amayi ako tidzavundukule Loweruka pa 26 Ogasiti. Ingoma ndidzatsogolera ndine. Amayi ako tsiku loyamba kundiona ndinali m'bwalo, chishango kumanzere, mabelu m'miyendo, ndipo akudwala ndinawalonjeza kuti ndidzawavinira komaliza. Ukudziwa kuti ingoma yathu ilibe ng'oma, ng'oma yake ndi phazi. Bala silinatseke bwinobwino, ndikaponda mwamphamvu limandilasa, koma ndi kanthu kochepa.

Yewo chomene,
Adada ako,
Zondwayo Thole


Moshi, Tanzania
29 Meyi 2023

Adada okondedwa,

Kalata yanu yandipeza ndili bwino, ndipo ndaiwerenga katatu. Chiswahili chikubwera pang'onopang'ono, tsopano ndimatha kukangana mtengo wa nthochi. Moni kwa achimwene, alamu ndi ana. Bantomu mumuuze kuti Khirisimasi ili pafupi.

Anzanu aja muwauze kuti dzina lake ndi liginokeni. Ndi mankhwala ochititsa dzanzi pamalo amodzi, munthu ali maso, ndipo ndiwo ntchito imene ndabwera kudzaphunzira mozama kuno. Ululu, adada, ndi uthenga. Phazi likavulala, mtsempha umathamangitsa uthengawo kumutu. Liginokeni amatseka njira ya uthenga kwa ola limodzi kapena awiri, basi. Zili ngati mmene achimwene amakubisirani ng'ombe zikadya chimanga cha eni: chimangacho chadyedwa ndithu, koma inu mtima uli m'malo chifukwa simunauzidwe. Mankhwalawa sachiza bala ngakhale pang'ono.

Ndiye kanthu kochepa kanuko sikanandisangalatse. Inu muli ndi shuga, ndipo bala la munthu wa shuga silipola mwachisawawa. Mwezi wathunthu wadutsa, linayenera kutseka. Chonde pitani kuchipatala akalione ndi kulitsuka, ndipo phazilo mulipumitse. Ndikukudziwani, mudzanena kuti Mngoni salira ndi msomali. Palibe wakuti mulire, ndangoti mupite.

Chondipweteka mtima n'chakuti pa 26 Ogasiti sindidzakhalapo. Mayeso athu akuyamba pa 21 mpaka pa 30, ndipo ndapempha kawiri, andikaniza. Ndalira, sindibisa. Achimwene adzandijambulire pafoni mukuvina, ndidzaone ngati amayi ankanena zoona kuti nthaka inkanjenjemera.

Mwana wanu,
Sellah


Manyamula
24 Juni 2023

NyaThole,

Tili bwino. Kuzizira kwafika, ana akungotsokomola, koma palibe wagona.

Kalata yako ndinaiwerenga pamaso pa anzanga aja, ndipo a Cedric Hara, amene ankatsutsa kwambiri, anangoti, “Mbwenu mwanayu ndi dokotala nadi.” Maclean naye waiwerenga mobwereza, mpaka wakhala nayo masiku awiri. Sindinadziwe kuti amakonda kuwerenga chonchi, kusukulu sankatero.

Za phazi usade nkhawa. Loweruka lililonse tikukumana kuseri kwa khola kukonzekera, amuna khumi ndi anayi, ndipo ndikuponda ngati kale, ululu osaumva. Achinyamata akutopa ine ndisanayambe n'komwe thukuta. Kuchipatala ndipita chiliza chikatha. Panopa ndikapita adzandimanga nsanza n'kundiuza kuti ndikhale pansi, ndipo ine nthawi yokhala pansi ndilibe.

Iwe limbikira mayeso. Za kuno zisakusokoneze.

Adada ako


Manyamula
30 Julayi 2023

Alamu anga a Sellah,

Ndine Modester. Pepani zolemba zanga, sukulu ndinalekera panjira. Muli makora kumeneko? Kalata iyi abambo a kunyumba sakuidziwa, ndipo foni ndi yawo, ndiye sindikanatha kuimba. Ndapota, musandiulule.

Apongozi sali bwino. Akamakuuzani pafoni kuti ali makora, si zoona. Mchimwene wanu atawerenga dzina la mankhwala m'kalata yanu, anati ndi omwe aja amabaya ng'ombe akamadula nyanga ndi alangizi a ziweto. Anakagula botolo lalikulu kusitolo ya mankhwala a ziweto ku Boma. Loweruka lililonse ingoma isanayambe amawabaya apongozi m'phazi ndi sirinji ya ng'ombe, kuseri kwa khola. Mchimwene wanuyo akuti akuchita zomwe munachita inu pakhonde paja, ndipo akufuna mudzadabwe mukadzaona adada akuvina.

Poyamba ankabaya pang'ono n'kugwira. Tsopano sakugwira. Sabata yatha anabaya sirinji yodzadza, apongozi n'kumati akumvabe. Atabwera ku ingoma anakhala pampando akuti lilime lawo lalemera, m'makutu mukulira ngati njuchi, ndipo m'kamwa mukumveka ngati ayamwa msomali. Ana anaseka, iwonso anaseka.

Alamu, ine phazilo sindinalione. Mukudziwa mwambo, mkamwana sindingakhale pafupi ndi apongozi aamuna, nanji kuwavula nsapato kapena kuwafunsa za m'thupi mwawo. Chakudya ndimagwada patali n'kupatsira mwana. Koma masokosi amachapa ndine. Lakumanja limabwera louma gwa ndi mafinya, ndipo fungo lake ndimachapira kuseri kuti ana asamve. Nsapato yakumanja aing'amba m'mbali kuti phazi lilowe.

Ndinawauza abambo a kunyumba, anandiyankha kuti, “Iwe ndiwe dokotala? Adada akufuna kuvinira amama, ukufuna ndiwakanize ine?” N'chifukwa chake ndalemba kalatayi. Inu nokha ndi amene angakumvereni.

Kalatayi ndiponya ndikapita ku Boma kukagulitsa mtedza, sindikudziwa tsiku.

Mlamu wanu,
Modester


Moshi
Lachisanu, 25 Ogasiti 2023

Achimwene,

Ndamva lero masana zomwe mukuchita ndi phazi la adada. Musafufuze kuti wandiuza ndani, ndipo amene wandiuzayo musamukalipire, ndi yekhayo amene waganiza bwino pakhomopo. Ndaimba kakhumi ndi kamodzi. Kawiri foni inaitana, kenaka mwaizimitsa. Ndatumiza mauthenga. Ndikudziwa kuti kalatayi ifika zonse zitachitika, koma manja anga akufuna chochita, ndiye ndikulemba.

Mawa musawabaye. Pomwe pali mafinya liginokeni sagwira, ngakhale muthire botolo lonse. Mafinya amasintha mnofu, mankhwala amalephera kulowa mumtsempha. Koma sasowa kopita, achimwene. Mnofu wotupa uli ndi magazi ambiri, ndipo magaziwo amawatenga n'kupita nawo kuubongo ndi kumtima. Lilime lolemera, m'makutu molira, m'kamwa mwa chitsulo, amenewo ndiwo machenjezo. Chotsatira ndi kukomoka ndi kuphiriphitha, kenaka mtima umaima. Ine pakhonde paja ndinabaya mamililita anayi. Munthu wa thupi ngati la adada sayenera kupitirira asanu ndi atatu. Sirinji yanu ya ng'ombe imalowa makumi awiri.

Ndipo phazilo likuwola. Ululu uja ndiwo unkawaletsa kuliponda, inu mwakhala mukuuchotsa kuti aziponda pabala miyezi iwiri.

Ndakwiya nanu, koma ndakwiya kwambiri ndi ine mwini. Ndinalemba dzina lija monyada, ngati mwana woonetsa malikisi. Adada atandilembera kuti ululu sakuumva ndinasangalala, osadzifunsa kuti bala la munthu wa shuga lingasiye bwanji kupweteka osapita kuchipatala. Funso limenelo ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku.

Chiliza ndi simenti, chikhoza kudikira. Atengereni kuchipatala.

Sellah


Mzimba Boma
3 Sepitembala 2023

Sellah, mlongo wanga,

Pafoni ndakhala ndikungoti eya, eya, chifukwa mawu sakutuluka. Ukudziwa kale kuti adada ali moyo ndi kuti mwendo audula. Sunadziwe mmene zinayendera, ndiye ndalemba ndili pabenchi panja pa wodi.

Uthenga wako ndinauona Lachisanu lomwelo. Sindinama. Ndinapita nawo kwa adada n'kuwawerengera wonse. Nditamaliza anati, “Alendo afika kale, ng'ombe yaphedwa. Mawa lokha, Maclean. Lolemba undiperekeze kuchipatala.” Ndinazimitsa foni chifukwa ndikanamva mawu ako sindikanatha.

Loweruka m'mawa abusa atatha pemphero tinapita kuseri kwa khola. Nditavula sokosi ndinaona zala ziwiri zada bii. Ndinati, “Adada, tiyeni tisiye.” Anati, “Baya.” Ndinabaya theka la sirinji, akuti akumva. Ndinamaliza yonse, akuti akumvabe. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, “Mwana wanga, ukufuna ndikatsimphine pamaso pa amayi ako?” Ndinadzadzanso.

Anavina, Sellah. Ndikufuna udziwe zimenezo. Analowa m'bwalo patsogolo pa onse, chishango m'mwamba, ndipo ataponda koyamba amayi onse anaimba nthungululu. Nyimbo yoyamba inatha bwino. Yachiwiri ili pakati ndinaona akuphonya phazi, akugwedeza mutu ngati akuingitsa ntchentche. Kenaka anagwa chagada n'kuyamba kuphiriphitha, thovu kukamwa.

Anthu anayamba kunena kuti amama abwera kudzawatenga, ena akuti tiwasiye mzimu ulankhule. Ine ndinangoima, ndikudziwa chomwe chachitika. Amene anathamanga ndi Modester. Anadutsa pakati pa amuna, anagwada, n'kuwavula apongozi ake nsapato pamaso pa mudzi wonse. Anakuwa kuti, “Si mzimu, ndi mankhwala a ng'ombe! Onani phazi!” Fungo litamveka palibe anatsutsa. Galimoto ya abusa ndiyo inatibweretsa kuno, botolo lili m'manja mwa Modester kuti adokotala alione.

Kukomokako anakuthetsa tsiku lomwelo, akuti tinachita mwayi mtima sunaime. Koma phazi anati lafa kale, ndipo kuwolako kukukwera. Lachiwiri anadula m'munsi mwa bondo. Anawabaya jakisoni pamsana, ndipo wobayayo anandiuza kuti ndi mankhwala a mtundu womwewo, kungoti iye amayeza. Sananene mondinyoza, koma ndinalakalaka nthaka itandimeza. Adada anali maso nthawi yonseyo.

Sindinakujambulire kuvina kuja. Foni inali chizimire m'thumba.

Ng'ombe ndadula nyanga zoposa zana, palibe inafa, ndiye ndinkadziona ngati ndikudziwa. Usandikhululukire msanga.

Maclean


Moshi
20 Sepitembala 2023

Adada,

Achimwene akuti mwatuluka m'chipatala ndipo mukukana kulankhula pafoni. Ndamva, ndiye ndabwerera ku makalata anu.

Mayeso ndakhoza. Andipatsa pepala lonena kuti ndimadziwa kuchotsa ululu, ndipo ndaliika pansi pa sutikesi chifukwa sindikufuna kuliona. Tsiku lililonse ndimabaya anthu osawadziwa, ndimayeza kulemera kwawo, ndimawerengera, ndimakhala pambali pawo kuwafunsa ngati lilime lalemera. Bambo anga okha ndi amene ndinawapatsa dzina la mankhwala papepala n'kuchoka.

Ndine ndinakudulitsani mwendo, adada. Ndikanapanda kukuonetsani pakhonde paja kuti ululu umatheka kuuzimitsa, bwenzi mutapita kuchipatala mu Meyi, mukutukwana koma ndi mapazi awiri.

Ndibwera mu Disembala. Mundiuze mmene chilonda chikupolera, ndipo mundiuze zoona.

Sellah


Manyamula
21 Okutobala 2023

Mwana wanga NyaThole,

Monire. Tili moyo. Kwatentha kwambiri, mvula sinaonetse nkhope. Bantomu tamugulitsa, wakula mtima.

M'envelopu muno upezamo kalata yako ija, ndakubwezera. Ndinafufuza m'bokosi la amayi ako ndipo cholembera chofiira chija chikulembabe. Mzere wonena kuti ndiwe unandidulitsa mwendo ndaukhwatcha, ndi wolakwika. Iwe unalemba kuti mankhwalawo sachiza, unalemba kuti ndipite kuchipatala. Ndinawerenga zonse, n'kusankhapo dzina lokha. Maclean naye ananena kuti tisiye, amene anati baya ndine. Mchimwene wakoyo mpaka lero sakundiyang'ana kumaso, sirinji anaiponya m'chimbudzi, ndipo nyanga akuti sadzadulanso. Umulembere, kalata yako yokwiya ija amayenda nayo m'thumba.

Chilonda amatsuka ndi Modester, m'mawa ndi madzulo. Akuluakulu ena anabwera kudzanena kuti mkamwana analakwira mwambo pondivula nsapato. Ndinawauza kuti amene akufuna kumulipiritsa ayambe wabwera kudzachapa masokosi anga. Tsopano amakhala pampando pafupi nane, ndipo timadyera limodzi.

Wati ndikuuze zoona. Tsiku lodula lija ndinamva zonse ndi makutu, kulankhula kwawo, kulira kwa zitsulo, koma m'thupi munali zii. Ndinkayembekeza kuti mwendo umene wandinyamula zaka 68 unditsanzika ndi kaululu ngakhale pang'ono. Unachoka osandiuza.

Koma wabwerera, Sellah. Phazi lomwe kulibelo limandipweteka, pamalo pomwe panali msomali. Ndimatambasula dzanja kuti ndiligwire n'kugwira mphasa. Adokotala akuti zimachitika, mutu sunavomere kuti lapita.

Loweruka lapitali anzanga anabwera kudzavina pakhomo kuti andisangalatse. Anandikhazika pampando, ndodo zanga pambali, chishango pamiyendo. A Hara atayambitsa nyimbo ija ndinagwa nayo, phazi langa lamanja linayamba kuponda. Palibe analiona, koma ine ndinalimva, likumenya nthaka pa nthawi yake, osaphonya, ndipo kuponda kulikonse kumandilasa mpaka m'mutu. Ndinalira pamaso pa amuna khumi ndi atatu. Nyimbo ya amayi ako ndinaimaliza pampandopo.

Ndikudziwa kuti ukawerenga izi uyamba kutsegula mabuku ako kufuna mankhwala. Ukamabwera mu Disembala unditengere choyezera shuga ndi nsapato imodzi yakumanzere, nambala 8. Za ululuwu usanditengere kanthu. Ndi chokhacho chanditsalira cha phazi lija, ndipo ndikufuna ndizilimva.

Adada ako,
Zondwayo Thole